FUNSANI ANKOLO: Za mabwinja a mu Kabula muno

Mwezi watha ndinangotchulako pang'ono kuti ndinaona kachere atamera pakhoma la shopu ina yakale mu Limbe, mizu yake italowa mpaka pawindo, basi mameseji anayamba kugwa ngati ngumbi. Ena mafunso, ena kungondikalipira. Ndasankhapo asanu ndi limodzi, otsalawo musadandaule tidzawaona.

FUNSO: Ankolo tithandizeni tisanamenyane. Pa bawo pathu takangana sabata yonse, ine ndikuti nyumba yakale kwambiri mu Blantyre ndi tchalitchi cha pa mishoni chija cha St Michael, mnzanga akuti ndi Mandala. Tabetcherana faifi sauzande. (Wa bawo, Ndirande)

YANKHO: Mphwanga kapereke ndalamayo mwaulemu, waluza kkkk. Mandala House inamangidwa mu 1882, pomwe tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1888 nkuchitsegulira pa 10 Meyi 1891. Amishoni a ku Scotland anafika kale inde, mu 1876, Henry Henderson ndi amene anasankha malowo m'dera la mfumu Kapeni, nkuwatcha Blantyre potengera mudzi umene anabadwira David Livingstone. Koma tinyumba tawo toyamba tinali tamaudzu, sitinakhalitse.

Mandala ija inali ya kampani ya African Lakes, imene inabwera ndi anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, ndiye makolo athu poona kuwala kwa magalasiwo anangomutcha Mandala, dzina nkumata pa iye, pa nyumba, pa kampani, pa mashopu awo dziko lonse, mpaka lero dera lonse lija timangoti ku Mandala. Katundu wawo ankabwera pa sitima za pamadzi mu Shire nkutsitsidwa kwa Katunga ku Chikwawa, kuchoka kumeneko amtengatenga ankasenza pamutu kukwera mapiri onse aja mpaka pabwalo la nyumba imeneyi. Inu mumadandaula minibasi ikamalira pa Thabwa, tangoganizani munthu wapansi, bokosi pamutu.

Ndipo chimene chimandisangalatsa nchakuti nyumbayi ndi ya njerwa zosawotcha ndi dothi, yosanja, khonde lalikulu mozungulira, koma ilipobe. Ukakwera masitepe ake matabwa amalira pansi pa phazi, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mabuku akale onunkhira fumbi ndi zithunzi za Blantyre akadali thengo. Anthu ambiri obadwira mu tauni muno sanalowemo, amangoona mpanda. Pamalo omwewa mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anabwera usiku kuchokera ku Chiradzulu kudzathyola nyumba yosungira mfuti, anangotengako zochepa alonda atadzidzimuka.

Koma usakhumudwe kwambiri, tchalitchi chakocho pa kukongola chilibe mnzake. David Clement Scott amene anatsogolera ntchitoyo sanali injiniya, sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo analibe mapulani ojambuliratu, ankangoyesa njerwa pouma kuti aone ngati zigwirana kenako nkumanga. Njerwa zinaumbidwa ndi kuwotchedwa konkuno mu zikombole za mitundumitundu. Ukapita ukayime patsogolo uyang'anitsitse nsanja ziwiri zija, sizofanana. Chimene chimandiwawa pang'ono nchakuti aliyense amatchula Scott, koma amene anaponda dothi, kuumba, kusenza ndi kukwera pamwamba paja ndi agogo athu a kwa Kapeni ndi midzi yozungulira, maina awo sumawamva pena paliponse.

FUNSO: Ankolo, ine bambo a kunyumba ndinakumana nawo ku French Cultural tikuonera zisudzo Lamulungu masana. Ana anga ndikawauza amangoti kumeneko nkuti. Chinachitika nchiyani kwenikweni kuti malo abwino ngati aja afike pomvetsa chisoni? (Mayi wa ana anayi, Zingwangwa)

YANKHO: Mayi, mwandikumbutsa kutali. Lamulungu ku French kunali ngati tchalitchi chachiwiri, ukaweruka ku mapemphero kudya msangamsanga nkuthamangira ku Chichiri kukaima pa mzere wa matikiti. A Kwathu ankadzaza malo aja mpaka ena kukhala pansi, a Wakhumbata a malemu Du Chisiza Jr chimodzimodzi, oimba nawo ankakhazikitsira ma alubamu awo pompaja. Munali laibulale, makalasi a Chifalansa, ndiye ana a sukulu ankabwera ndi zisudzo zawo za mpikisano.

Mu 2011 a ku France anatseka malowo, boma lathu nkuwagula, dzina linasintha kukhala Blantyre Cultural Centre. Koma pakati pa kutuluka kwa eni ake akale ndi kulowa kwa atsopano panali mpata, ndipo mpata umenewo ndi umene unapha malo aja. Anthu analowa nkusesa, zipangizo, mipando, mawaya, zitseko. Zaka zotsatira kwakhala kukonza pang'onopang'ono, lero pano zochitika zimachitikako ndithu, koma amene anawaona kale amadziwa kuti siomwe aja.

Apa ndiye ndichedwepo pang'ono chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti nyumba imafa ndi ukalamba. Ayi mayi. Ndakuuzani kumene za Mandala, nyumba ya dothi ya 1882 ili chiimire, pomwe holo ya simenti ya dzanadzanali inavulidwa m'masabata ochepa. Ine ndinaonerera ndi maso angawa nyumba ina ikufa, ofesi ya kampani ina imene inagwa, kufupi ndi komwe ndinkachita lendi. Sinditchula dzina. Poyamba mlonda anakhala miyezi osalipidwa, tsiku lina anangonyamula chikhoti chake ndi mbaula yake nkumapita. Sabata yomweyo mababu akunja anasowa. Kenako mipopi, kenako anabowola makoma kusolola mawaya chifukwa kopa amagulidwa pa kilo kwa a sikirapu. Zitseko zinapita ndi mafelemu omwe, ndinaona china chili pa bafa la munthu wina kumtunda, chikadali ndi kachikwangwani kolembedwa Accounts, zoona. Malata anachoka usiku umodzi wa mvula, chifukwa mvula ikamagwa palibe amamva kulira kwa msomali. Denga litapita basi inali nkhani ya dzinja ziwiri, madzi analowa m'makoma, pulasitala nkumagwa ngati makoko a dzira, chiswe chinamaliza matabwa otsala, mapeto ake anthu anayamba kugumula njerwa imodziimodzi. Lero pali chimanga. Ndipo ambiri amene anatenga zinthuzo sanali akuba odziwika ayi, anali aneba abwinobwino, opemphera, amene ankangoti zilibe mwini izi, ndikapanda kutenga ine atenga wina.

Ma sinema nawo anafa imfa ina. Apollo mu tauni, Rainbow ku Limbe, anthu ankatchena ngati akupita ku ukwati. Kunabwera ma vidiyo shoo a m'makwalala a mtengo wa ndiwo za masamba, kenako ma dishi, kenako foni, ndiye holo ya mipando mazanamazana uidzaza ndi ndani. Mwayi wake maholo oterewa ambiri amapeza ntchito ina, kaya mapemphero kaya mashopu, ndipo ine sindidandaula nazo, bola muli munthu wotsegula m'mawa nkuona kuti pakona apo padontha.

Anawo apiteni nawo tsiku lina kukakhala chochitika, mukawalozere pomwe munakhala. Bambowo asathawe, apite nawo.

FUNSO: Ankolo ndine kondakitala, tsiku lonse ndimakuwa Wenela, Ginnery, Kandodo, koma pasenjala wina mzungu anandifunsa kuti Wenela ndi ndani ine kukamwa pululu. (Kondakitala, ruti ya Limbe-Blantyre)

YANKHO: Aise, iwe ndi anzako ndinu amene mukusunga mbiri ya mzinda uno osadziwa, chifukwa malo ambiri amene mumaitanira aja chinthu chenichenicho chinapita kalekale, chinatsala ndi dzina pakamwa panu.

Wenela si munthu. Ndi kutchula kwathu kwa zilembo WNLA, Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi ya golide ku South Africa. Pamalo paja ndi pomwe amuna ochokera m'maboma ankasonkhana, kupimidwa m'thupi, kudinda chala, nkunyamuka ulendo wa ku Joni. Malume anga enieni anapita kawiri, ulendo wachiwiri anabwera ndi thiranki yachitsulo yopentedwa maluwa, wailesi, njinga, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Thirankiyo ilipobe kumudzi, amasungiramo mbewu. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha a Malawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu anakwiya nkuletsa kulemba anthu. Patapita zaka zochepa zinayambiranso pansi pa dzina la TEBA mpaka kumapeto kwa ma 1980, nchifukwa chake mumamva madala ena mpaka lero akulondola ndalama zawo za ku Teba. Malowo anasanduka depoti ya mabasi, makampani a mabasi a UTM, Stagecoach, Shire Bus Lines, onsewo anadutsapo nkupita, dzina la Wenela lili phee.

Ginnery Corner ndi chifukwa panali fakitale yochotsa njere mu thonje. Ukayang'ana lero uona ma koleji, chipatala, magalimoto, thonje ngakhale la m'khutu palibe. Kandodo inali sitolo, ndipotu masitolo a Kandodo anali m'matauni ambiri, ana a masiku ano amangodziwa kuti ndi siteji. Chipatala cha Queens achikulire amati ku Gulupu, kuchokera ku Group Hospital.

Pomwe maina oikidwa ndi andale ndiye amavuta kumata. Sitediyamu ija inamangidwa m'ma 1950 ikutchedwa Rangeley, dzina la bwana wina wachitsamunda, ndipo mmenemo ndi momwe mbendera ya Britain inatsitsidwa nkukweza yathu usiku wolowa 6 Julaye 1964. Inadzakhala Kamuzu Stadium, nthawi ya a Muluzi Chichiri Stadium, a Bingu atalowa nkubwezanso Kamuzu. Anthu amangoti ku sitediyamu basi. Masitandi ake ena akumwamba aja anatsekedwa akatswiri ataona kuti atopa, ndiye uone, malo amene dziko linabadwira.

Mzunguyo ukamuonanso umuuze, koma asalipire theka poti wamuphunzitsa.

FUNSO: Ndimachita lendi kashopu mu Limbe, tsiku lina tinangopeza khoma lajambulidwa nyenyezi yofiira. Landilodi akuti musadandaule nzakalekale izi. Ndidandaule kapena ayi? (Wogulitsa nsalu, Limbe)

YANKHO: Achemwali, dandaulani pang'ono. Nyenyezi yofiira inayamba nthawi ya Kamuzu, nyumba imene yaoneka kuti yatha kapena ikunyazitsa tauni ankaijambula chizindikiro chimenechi, kutanthauza kuti mwini wake akonze kapena agwetse amange ina. Nthawi imeneyo zikanenedwa zanenedwa. Khonsolo ya mzinda yakhala ikuidzutsa kampeniyi kangapo m'zaka zapitazi, koma masiku ano eni nyumba amathamangira ku khoti, nkhani nkumakokeka, nyenyezi mpaka kufufuma ndi dzuwa nyumba ili pompo. Ndiye landilodi wanuyo sakunama kwenikweni, koma denga likagwa siligwera iye, ligwera inu ndi nsalu zanu. Yang'anani nokha, ngati pali mng'alu wolowa chala, ngati siling'i yafufuma, ngati khoma limatuluka thukuta nthawi ya mvula, yambani kufunsira malo ena. Komanso pitani ku ofesi za khonsolo ku Civic Centre mukafunse za nyumbayo, musangomvera pakamwa pa munthu amene amalandira lendi.

Mukafunsa kuti bwanji eni ake sakonza, zifukwa ndi zingapo ndipo zimalukana. Nyumba zambiri zakale za mu Limbe ndi m'tauni anamanga ndi agogo, agogowo anamwalira, ana ndi adzukulu ali khumi ndi awiri, ena ku Leicester ena ku Lilongwe ena konkuno, aliyense akufuna gawo la lendi koma palibe akufuna kugula lata. Za chuma cha masiye mukuzidziwa, sizisankha mtundu. Kwinanso likulu litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, maofesi ndi makampani akhala akutsatira pang'onopang'ono, mafakitale a ku Makata ndi ku Ndirande ena anagwa ena anachepa, ndalama yokonzera nyumba inachepanso. Ndipo mukatuluka kunja kwa tauni, m'ma trading centre muja, mudzaona mizere ya mashopu akale a makonde a zipilala ali chitsekere kapena asanduka mosungira chimanga. Ambiri mwa amenewo anali a amwenye, boma la Kamuzu linawalamula m'ma 1970 kuti achoke kumidzi akachite malonda m'matauni akuluakulu okha. Amene anatenga mashopuwo ena anayesetsa, ambiri katundu atatha pa shelefu sanathenso kuoda wina.

Koma ndinene apa, nyenyezi siisiyanitsa nyumba yotha ndi nyumba ya mbiri. Pali lamulo la Monuments and Relics Act, pali nthambi ya boma yoona za malo a mbiri, nyumba ngati Mandala, St Michael ndi holo yakale ya tauni ya pa Victoria Avenue zimatetezedwa. Koma kashopu kamene telala wina anasokerapo mayunifomu a theka la Limbe kwa zaka makumi anayi palibe amakawerengera, kamagwa Lachisanu, Lolemba pali fensi ya malata.

FUNSO: Ankolo nzoona kuti nyumba ina yosiyidwa kumtunda kwathu kuno kuli mizukwa? Usiku kumamveka kuyenda ndipo kumaoneka kamoto. (Mtsikana wa Fomu 3, Namiwawa)

YANKHO: Mwanawe, zoyendazo ndi mileme, makoswe ndi kadzidzi. Kamotoko ndi anyamata akusuta zosuta zawo. Usapiteko, osati chifukwa cha mizukwa koma chifukwa cha anyamatawo ndi pansi pomwe panawola. Kawerenge, JCE inadutsa koma MSCE ikubwera.

FUNSO: Achimwene, ine si funso koma dandaulo. Mukamalemba za Blantyre mumangoti mishoni, Mandala, mishoni, Mandala, ngati Limbe kulibe. Ine ndinagwira ntchito ku Railways zaka 31, ndinayamba ndi wothira malasha. Chipewa ndi wezulo ndikadali nazo. Pitani mukaone nyumba za kampani ndi mashedi momwe zikuonekera lero muzalira. (Wopuma ntchito, Bangwe)

YANKHO: Bambo, ndalakwa ndavomera, ndipo chipewa ndavula. Limbe ndi mwana wa njanji ndi fodya, izi palibe angatsutse. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika kuno mu 1908 kuchokera kumunsi ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, chaka chomwecho a Imperial Tobacco anatsegula fakitale yawo mu Limbe, ndipo mpaka lero anthu amati ku ITG. Likulu la njanji, mashedi okonzera, nyumba za ogwira ntchito, zonse zinali kwanuko. Limbe inali tauni payokha ndi khonsolo yakeyake mpaka 1956 pomwe anaiphatikiza ndi Blantyre, ndiye mukamanyada kuti ndinu a ku Limbe osati a ku Blantyre muli ndi mfundo.

Ndinapitako ndithu mwezi wathawu kutsatira njanji wapansi. Zimene ndinaona ndi mabogi akale ataima pa njanji yakufa, udzu utamera pakati pa mateyala, dzimbiri likuyoyoka ukangogunda ndi chala, pena mayi atayanika zovala pa chitsulo chimene kale chinkasintha njira ya sitima. Sitima ikuyendabe inde, ya katundu makamaka, kuchokera pomwe njanji inaperekedwa kwa kampani ya CEAR mu 1999. Koma inu mukukumbuka nthawi imene munthu ankakwera pa Limbe nkukatsika ku Nsanje kapena kupitirira mpaka ku Beira. Nkhondo ya ku Mozambique inadula njira ya ku Beira, kenako madzi osefukira a 1997 anakokolola njanji ku Chiromo, masiteshoni a kumunsi kuja nkungotsala mayina pa zikwangwani. Amayi a ku Shire Valley amene ankabwera ndi nsomba ndi mbatata pa sitima anasamukira pa malole.

Achinyamata amene simunaonepo injini ya malasha, pitani ku Museum ku Chichiri, panja pomwe paja pali tiinjini takale. Kena kamatchedwa Shamrock, kamnzake Thistle kali ku siteshoni ya Limbe, tonse tiwiri tinabwera kudzagwira ntchito yomanga njanjiyi isanafike nkomwe ku Blantyre. Nditating'ono moti ukaima pafupi umadabwa kuti kameneka kankakoka chiyani, khomo la ng'anjo yake ndi laling'ono ngati la mbaula ya mandasi, ndipo munthu ngati bambo awa ankaima kutsogolo kwa moto wotero ndi fosholo kuchoka kumunsi kotentha kuja mpaka kukwera mapiri.

Koma zimene zili m'mutu mwanu bambo ku Museum kulibe, kuti shedi iti inali ya chiyani, ndani ankakhala laini iti, wezulo ikalira kawiri zinkatanthauza chiyani, malipiro ankaperekera pawindo liti. Ndiye tichite chonchi, Loweruka loyamba la mwezi wamawa mundidikire pa geti la siteshoni ya Limbe cha m'ma 9 koloko, muvale chipewacho, wezulo m'thumba. Ine ndibwera ndi foni yojambulira ndi kope, mundiyendetse shedi ndi shedi mpaka miyendo itakana. Thiransipoti yochokera ku Bangwe ndi tiyi wa mkaka ndilipira ndine.